Kodi mankhusu a mpunga angasanduke feteleza wa nano?

Funso: "Ine ndine mlembi wa kopaletivi ya alimi a mpunga kuno ku Nkhotakota. Tili ndi chigayo chathu, ndipo mankhusu aunjikana kuseri kwake mpaka tikusowa powataya. Ena timapatsa oumba njerwa, otsala timangoyatsa. Mwana wanga amene ali ku koleji anandionetsa pa foni kuti kumayiko ena akupanga feteleza ndi mankhwala a nano kuchokera ku mankhusu, makoko a nthochi ndi zigoba za mazira. Sabata yomweyo kunabwera wamalonda ndi kabotolo ka theka la lita, akuti mphamvu yake ndi yofanana ndi thumba la yureya. Pano mamembala agawanika: ena akuti tigule mabotolo tisiye matumba, ena akuti tiphunzire kupanga tokha. Kodi zimenezi n'zoona? Tingathe kupanga tokha? Nanga siziwononga nthaka yathu?"

A Mlembi, mtima m'malo, simunatsalire m'mbuyo, ndipo mwachita bwino kufunsa ndalama za mamembala zisanatuluke m'bokosi. Zimene mwana wanu wakuonetsani si zabodza. Sayansiyo ilipodi, ndipo mankhusu a mpunga ali m'gulu la zotsalira zimene ofufuza amazikonda kwambiri pa ntchitoyi. Koma zimene wanena wamalonda uja ndi nkhani ina, ndipo ndikupemphani kuti pamsonkhano wanu muzikambe padera ziwirizi. Nano amathandiza pa zinthu zimene mbewu imafuna m'magalamu. Sangalowe m'malo mwa chakudya chimene mbewu imafuna m'makilogalamu, ndipo nayitrojeni, amene timagulira yureya, ali m'gulu lachiwirili.

Tiyambe ndi kukula kwa tizidutswa timene timatchedwa nano. Mutadula milimita imodzi ya pa rula kukhala tizigawo 1,000,000, kagawo kamodzi ndiye nanomita. Tizidutswa timatchedwa ta nano tikakhala pakati pa nanomita 1 ndi 100, pomwe tsitsi limodzi la munthu ndi lonenepa pafupifupi nanomita 80,000. Mukudziwa kuti mchere wosinja umasungunuka msanga m'ndiwo kuposa wamibulu, chifukwa mbali yaikulu ya mcherewo imakhudzana ndi madzi. Nano ndi zomwezo, koma mopitirira muyeso. Kabuloko kotalika sentimita imodzi mbali zonse kali ndi khungu la masikweya sentimita 6. Kakaduladulidwa kukhala tizidutswa ta nanomita 10, khungu la tizidutswa tonseto pamodzi limafika masikweya mita 600, kulemera kuli komweko. N'chifukwa chake ufa wochepa umatha kukuta masamba ambiri, kumamatira bwino, ndipo tina timalowa m'timabowo timene tsamba limapumira. Kuopsa kwake kumachokeranso pomwepo, monga ndifotokozere kutsogoloku.

Pali chinthu chimodzi chimene mavidiyo a pa foni sanena bwino. Zotsalira za zomera ndi nyama zimagwira ntchito ziwiri zosiyana. Nthawi zina chinthu chofunikacho chimakhala m'zotsaliramo, ndipo ntchito ndi kuchitulutsa: silika (chinthu chomwe chija chimapanga mchenga) m'mankhusu a mpunga ndi m'phulusa la nzimbe zofinyidwa, kashiyamu m'zigoba za mazira, fosifolasi m'mafupa, chitosan (ufa wopangidwa kuchokera ku chinthu cholimbitsa zigoba) m'zigoba za nkhanu. Nthawi zina zotsalirazo zimangothandizira kupanga, pomwe chinthu chenichenicho chimagulidwa kusitolo ya makemikolo. Makoko a nthochi, a malalanje, masamba a nimu ndi a chammwamba ali m'gulu lachiwirili. Munthu akanena kuti wapanga zinki wa nano kuchokera ku makoko a nthochi, zinkiyo sanachokere m'nthochi.

Mankhusu anuwo ndiwo nkhani yokoma. Pa thumba la makilogalamu 50 a mpunga wosapuntha, pafupifupi makilogalamu 10 ndi mankhusu. Mukawotcha makilogalamu 10 amenewo mumatsala ndi phulusa lokwana pafupifupi makilogalamu 2, ndipo magawo 85 mpaka 95 pa 100 a phulusalo ndi silika. Zomera zochepa kwambiri zimasunga silika wochuluka chotero, n'chifukwa chake mankhusu amakanda m'manja ndipo amachedwa kuola.

Pofuna kupanga silika wa nano, ku labotale amachita motere. Amatsuka mankhusu kuchotsa dothi, kenako amawawiritsa kwa ola limodzi kapena awiri mu asidi wa hydrochloric wosungunulidwa ndi madzi. Asidiyu amachotsa potaziyamu ndi zitsulo zina. Zikatsalamo phulusa limatuluka lotuwa kapena lakuda, ndipo silika amauma gwa ngati galasi asanafike pamene akufunika. Akatsukuluza ndi kuyanika, amawotcha m'ng'anjo yamagetsi pa madigiri 600 mpaka 700 kwa maola awiri mpaka anayi, n'kutuluka phulusa loyera mbee. Phulusalo amaliwiritsa mu kositiki soda, yemwe uja wopangira sopo, magalamu 80 mpaka 100 pa lita ya madzi, akutakasa kwa maola awiri kapena atatu mpaka silika atasungunuka. Amasefa, kenako amadonthezamo asidi pang'onopang'ono akuyeza pH, womwe ndi mlingo wa kuwawasa kwa chinthu, mpaka itafika pa 7. Pamenepo madziwo amalimba n'kukhala phalaphala. Amalisiya tsiku limodzi, amalitsuka kangapo ndi madzi otcheza kuti mchere uchoke, amaliumitsa pa madigiri pafupifupi 80, n'kulipera.

Poipira pake ndi pambiri. Moto ukapitirira madigiri 800, silika amasintha n'kukhala mtundu wolimba wotchedwa cristobalite, umene mbewu siingagwiritse ntchito ndipo fumbi lake limawononga mapapo. Moto ukachepa, makala amatsalamo. Mukathira asidi mwaphuma, tizidutswa timagwirana n'kukhala mibulu ikuluikulu. Mukapanda kutsuka bwino, sodiyamu wotsalira amawaula masamba ndi kuumitsa nthaka. Ena amafunsa ngati chidulo chingalowe m'malo mwa kositiki soda. Chidulo chathu chophikira therere n'chofooka kwambiri pa ntchitoyi. Ndipo ngakhale zonse zitayenda bwino, palibe njira yodziwira ndi maso kuti ufa uli m'mbalewo ndi wa nano. Maikulosikopu a kusukulu saona chinthu chochepera nanomita 200. Pamafunika maikulosikopu a ma elekitironi ndi makina ena oyezera, amene amapezeka m'malabotale akuluakulu okha.

Njira ya makoko ndi masamba imaoneka yophweka, ndiye imene imakopa anthu. Amayanika makoko, amasinja, amatenga magalamu 10 pa mamililita 100 a madzi otcheza, amatenthetsa pa madigiri 60 mpaka 80 kwa theka la ola kapena ola, n'kusefa. M'madzi amenewo amathiramo mchere wa chitsulo wogula: zinc nitrate kapena zinc acetate ngati akufuna zinki, silver nitrate ngati akufuna siliva, copper sulphate ngati akufuna kopa. Timadzi ta m'makoko timasintha mcherewo kukhala tizidutswa n'kutikuta kuti tisakule. Ndi siliva madzi amasanduka abulauni, ndipo mavidiyo ambiri amathera pomwepo ngati kuti ntchito yatha. Koma kusintha mtundu kumangosonyeza kuti china chake chachitika. Kenako pamafunika makina otchedwa centrifuge, ozunguza madziwo mwaliwiro kuti tizidutswa tidikhe pansi, kutsuka, ndipo kwa zinki kuwotchanso pa madigiri pafupifupi 400. Vuto lalikulu la njirayi ndi loti siibwereza chimodzimodzi. Nthochi yakupsa ndi yaiwisi, mtundu wake, nyengo imene yakololedwa, zonse zimasintha kukula kwa tizidutswa. Zimene mwapanga lero zingathandize mbewu, za sabata yamawa n'kuiwaula.

Choncho pa funso loti mupange nokha, yankho langa ndi lakuti ayi, osati kuseri kwa chigayo. Si chifukwa chakuti alimi sangaphunzire. Asidi ndi kositiki wowira amachititsa khungu akadumphira m'maso, madzi otsala alibe kotayira koyenera pa sikimu imene ngalande zake anthu amachapamo ndi kumwetsamo ziweto, ndipo simungayeze chimene mwapanga.

Nanga tizidutswati timathandizadi? Pa zinthu zina, inde. Silika amalowa m'mbewu n'kukakhala m'makoma a maselo, kunsi kwa khungu la tsamba ndi m'phesi. Mpunga wokhala ndi silika wokwanira sugwa wamba ngala zikalemera, masamba ake amaima chilili n'kulandira dzuwa, umapirira matenda a blast amene amaumitsa khosi la ngala, ndipo mbozi zoboola phesi zimavutika kulowa. Pa chimanga ofufuza anaona kuti mano a ntchemberezandonda amaperepeseka zikamadya masamba okhala ndi silika wambiri. Izi zimachepetsa kuonongeka, sizithetsa mliri. Chitosan wa nano amagwiritsidwa ntchito kukuta mbewu ndi kunyamula mankhwala kuti azituluka pang'onopang'ono, komanso amadzutsa chitetezo cha mbewu ku nkhungu. Ameneyu angapindulitse kwambiri anzathu a kugombe la Mozambique kumene zigoba za nkhanu za m'nyanja zimatayidwa zambiri.

Zinki ndiye chitsanzo chabwino cha pamene nano amawala, chifukwa mbewu imamufuna wochepa kwambiri. Ku India mu 2012 ofufuza anayesa zinc oxide wa nanomita 25 pa mtedza. Anapopera magalamu 2 mu malita 15 a madzi, kuyerekeza ndi magalamu 30 a zinc sulphate m'madzi omwewo, ndipo zokolola zinaposa za zinc sulphate. Nkhani ya zinki imatikhudza kwathu kuno: nthaka zambiri n'zoperewera zinki, n'chifukwa chake feteleza wokulitsa wa NPK 23:10:5+6S+1.0Zn ali naye, ndipo kafukufuku wa michere m'thupi wa 2015 mpaka 2016 anapeza kuti anthu oposa theka m'Malawi ndi operewera zinki m'thupi. Koma dziwani kuti zoyesa zambiri za nano zinachitikira m'miphika ndi m'nyumba zagalasi kwa nyengo imodzi. Zoyesa za m'minda ya alimi kwa zaka zingapo n'zochepa.

Tsopano kabotolo kaja. Sindinena za kampani imene yapanga ka wamalonda wanuyo, koma mawu oti botolo la theka la lita n'lofanana ndi thumba anatchuka ndi Nano Urea wa IFFCO, kopaletivi yaikulu ya alimi ku India, amene anatuluka mu 2021. Botolo limene linatuluka chaka chimenecho linali la mamililita 500 ndipo linali ndi nayitrojeni magawo 4 pa 100, kutanthauza magalamu 20. Thumba lathu la yureya la makilogalamu 50 lili ndi magawo 46 pa 100, omwe ndi makilogalamu 23, kapena kuti magalamu 23,000. Gawani nokha: pamafunika mabotolo 1,150 kuti mufike pa nayitrojeni wa thumba limodzi. Ogulitsa amayankha kuti yureya wambiri amauluka kapena kukokoloka, ndipo izi n'zoona; kawirikawiri mbewu imangodya gawo limodzi mwa magawo atatu. Komabe gawo limenelo ndi makilogalamu 7 kapena 8. Ngakhale mbewu itamwa dontho lililonse la m'botolo, yalandira magalamu 20 basi. Mpunga umafuna makilogalamu 15 mpaka 20 a nayitrojeni pa tani iliyonse imene mukolole, ndiye pa matani atatu pa hekitala ndi makilogalamu 45 mpaka 60. Nayitrojeni ameneyo amakamanga thupi la mbewu ndi mapuloteni a m'njere. Akapanda kuchokera m'thumba kapena m'manyowa, amachokera m'nkhokwe ya nthaka, ndipo nkhokweyo imatha.

Si ine ndekha wonena izi. Mu 2023 Max Frank ndi Søren Husted a ku yunivesite ya Copenhagen analemba m'magazini ya sayansi ya Plant and Soil kuti umboni woikira kumbuyo zonenazo ndi wosakwanira. Ofufuza a Punjab Agricultural University ku India komweko anayesa m'munda kwa zaka ziwiri, napeza kuti zokolola za mpunga ndi tirigu zinatsika pamene anadula yureya ndi theka n'kupopera wa nano, ndipo mapuloteni m'njere anatsikanso. Onaninso kuti ngakhale opanga ake sanena kuti musiyiretu feteleza wa m'nthaka, ndipo Nano Urea sapangidwa kuchokera ku zinyalala.

Pali njira ina ya nano pa nayitrojeni imene ine ndimaiona kuti ili ndi tsogolo. Ku Sri Lanka mu 2017 gulu la ofufuza lotsogozedwa ndi Nilwala Kottegoda linamata yureya pa tizidutswa ta hydroxyapatite, mwala womwe uja umapanga mafupa, kuti nayitrojeni azituluka pang'onopang'ono. Pa mpunga anapeza zokolola zabwino ndi theka la yureya. Kusiyana kwake n'kwakuti apa mlimi akuthirabe makilogalamu, nano akungochepetsa otayika.

Za kuononga nthaka, nkhawa yanu ndi yomveka, ndipo zimatengera mtundu wa tizidutswa. Silika wosapsa mopitirira, kashiyamu wa zigoba za mazira, chitosan ndi makala sizidetsa nkhawa kwambiri m'nthaka, chifukwa zimaola kapena kusanduka zinthu zimene zilimo kale. Zitsulo ndi nkhani ina. Siliva ndi kopa zimapha nkhungu ndi mabakiteriya oyambitsa matenda, koma sizisankha: zimaphanso mabakiteriya okhala m'timaundu ta mizu ya soya, nyemba ndi mtedza amene amakoka nayitrojeni mumpweya, nkhungu zothandiza mizu kumwa fosifolasi, ndipo zimavutitsa nyongolotsi. Ofufuza a ku University of California, Santa Barbara anasonyeza mu 2012 kuti soya wobzalidwa m'nthaka yokhala ndi tizidutswa tambiri ta cerium oxide, wochokera ku chitsulo china, anachepa kwambiri mphamvu yokoka nayitrojeni, ndipo wa m'nthaka ya zinc oxide anasunga zinki wambiri m'masamba ndi m'njere. Chitsulo sichiola. Chimene mwathira chaka chino chimadikira cha chaka chamawa. Kupanga ndi makoko a nthochi sikuchotsa ululu wa siliva. Kwa inu a mpunga pali chinanso: madzi a m'munda mwanu amatuluka kupita kumtsinje ndi kunyanja, ndipo siliva ndi kopa n'zoopsa kwambiri kwa nsomba ngakhale zitakhala zochepa. Ine sindingavomereze kupopera siliva wa nano pa sikimu ya mpunga. Ngakhale zinki wa nano, mlingo ukapitirira, amafupikitsa mizu ndi kuletsa mbewu kumera; m'zoyesa zambiri phindu limaoneka pa mamiligalamu makumi angapo mpaka mazana ochepa pa lita, ndipo kupitirira apo ululu umayamba.

Kwa munthu, choopsa kwambiri ndi ufa wouma. Tizidutswa timafika mkati mwenimweni mwa mapapo, kumene chifuwa sichingatitulutse. Kansalu komanga pamphuno sikatchinga; pamafunika masiki ya N95 yogwira bwino kumaso, magalasi ndi magolovesi. Chenjezo lomweli likukhudzanso phulusa loyera la mankhusu lochokera ku uvuni ya njerwa, kumene moto umakwera kwambiri. Linyowetseni musanalikokolole, ndipo ana asaseweremo.

Ndiye mulu uli kuseri kwa chigayowo mutani nawo? Apa pali nkhani yabwino: silika wa m'mankhusu ali kale m'tizidutswa tating'ono kwambiri mmene mbewu inamuikira, ndipo amasungunuka pang'onopang'ono m'nthaka malinga simunamuwotche mopitirira. Komanso mpunga umadya silika wochuluka kuposa nayitrojeni kangapo, choncho kupopera kokha sikungakwanitse. Muyenera kubwezera mankhusu ndi mapesi kumunda. Njira yabwino ndi kuwasandutsa makala m'malo mowayatsa mpaka phulusa. Pezani chitini cha malita 20, chiboolebooleni m'mbali, ndipo pamwamba pake lumikizani paipi yachitsulo yotalika mita imodzi ndi theka. Kolezani kamoto ka tinkhuni pamalo ouma, kutali ndi madenga audzu, tsiku lopanda mphepo. Vundikirani motowo ndi chitini, kenako unjikani mankhusu ouma kuzungulira, matumba asanu mpaka khumi, paipi itatulukira pamwamba. Utsi woyera uzituluka m'paipimo. Pakaoneka malo akuda pamwamba pa mulu, kokerani mankhusu a m'munsi n'kukwirira. Pakatha maola anayi mpaka asanu ndi atatu, malinga ndi kukula kwa mulu, pafupifupi onse amakhala atada koma akuonekabe maonekedwe a mankhusu. Chotsani paipi, mwazani mulu ndi fosholo, thirani madzi mpaka utsi utatheratu, ndipo mubwerenso pakapita ola kudzaona, chifukwa moto wa mankhusu umabisala mkati. Mukachedwa kuzimitsa mupeza phulusa lotuwa lokhalokha. Mankhusu akakhala onyowa moto umazima pakati n'kusiya theka losapsa.

Makala amenewa musathire kumunda ali okhaokha. Atsopano amayamba amwa chakudya cha m'nthaka, mbewu n'kuchita chikasu masabata oyamba. Asakanizeni ndi manyowa a khola kapena kompositi, muwasiye onyowa kwa milungu iwiri. Yambirani pa nazale: gawo limodzi la makala pa magawo atatu a dothi losakaniza ndi manyowa. Mbande zimazuka mosavuta, mizu yosaduka. Otsala pitani nawo kudimba, makamaka la dothi lamchenga kapena lowawasa, chifukwa amasunga chinyontho ndi kuchepetsa asidi. Pa dothi lamchere kapena lamakande lokhala ndi pH yoposa 7 chepetsani, popeza makala ndi phulusa zimakweza pH ndipo zinki amamangika. Musasakanize phulusa ndi yureya n'kusiya poyera: fungo loboola m'mphuno limene mumamva ndi nayitrojeni amene akuthawa. Opanga feteleza wa Mbeya azikumbukira zimenezi, atseke thumba bwinobwino masiku 21 aja, ndipo adziwe kuti kusakaniza sikuchulukitsa nayitrojeni amene anaikamo.

Ngati mpunga wanu umapinimbira m'zigawozigawo pakatha milungu iwiri mpaka inayi mutawokera, masamba a m'munsi akuchita madontho a dzimbiri, mwina ndi kuperewera kwa zinki. Simufunika kudikira nano. Zinc sulphate wamba, magalamu 5 pa lita, kutanthauza magalamu 80 mu sipuleya ya malita 16, wopopera m'mamawa kapena madzulo kawiri motalikana masiku 10 mpaka 14, amathandiza. Poperani kaye mizere yochepa n'kudikira masiku awiri kuona ngati masamba sakupsa. Ndipo yureya amene muli nayeyo mungamupulumutse kwambiri pomugawa kawiri, pamene mpunga ukuphukira ana ndi pamene ukuyamba kutenga mimba, mutachepetsa madzi m'munda ndi kutseka potulukira kwa masiku angapo. Pa chimanga, kumbani kadzenje pambali pa phando n'kukwirira.

Mamembala ofuna botolo musawatsutse ndi pakamwa pokha. Gulani limodzi muyese. Dulani timinda ta mamita 5 mulitali ndi 5 mulifupi, tolekanitsidwa ndi migula kuti madzi asasakanikirane. Koyamba thirani monga mwa masiku onse. Kachiwiri monga mwa masiku onse n'kupoperanso za m'botolo. Kachitatu theka la yureya ndi za m'botolo. Kachinayi theka la yureya n'kupopera madzi okha. Kachinayika ndiye kofunika kuposa tonse, ndipo ndi kamene ziwonetsero za amalonda zimasiya, chifukwa kakafanana ndi kachitatu ndiye kuti botolo silinachite kanthu. Ngati mumathira makilogalamu 100 a yureya pa hekitala, kamunda kamodzi kalandire magalamu 250, theka lake 125. Bwerezani timinda tinayiti kwa alimi atatu kapena anayi, mtundu wa mpunga umodzi, kaya Kilombero kaya Faya, kuwokera tsiku limodzi. Pokolola siyani m'mphepete, dulani mamita 3 ndi 3 a pakati, umitsani mofanana, yezani pa sikelo, ndipo chulukitsani makilogalamuwo ndi 1,111 kuti mupeze za pa hekitala. Musaweruze ndi kubiriwira kwa masamba, chifukwa nayitrojeni wochepa wopopera amabiriwitsa masamba masiku angapo osawonjezera njere. Yesani nyengo ziwiri pa timinda tomweto. Chaka choyamba chakudya chotsalira m'nthaka chimabisa kuperewera.

Musanalipire, werengani chizindikiro cha pabotolo. Pakhale dzina ndi keyala ya wopanga, kuchuluka kwa mchere uliwonse pa 100, nambala ya gulu limene linapangidwira limodzi, tsiku lothera ntchito ndi mlingo wake. Ngati akuti limapha tizilombo kapena kuchiza matenda a mbewu, liyenera kukhala lolembetsedwa ku Pesticides Control Board. Funsani ngati Malawi Bureau of Standards inaliyeza, komanso ngati linayesedwa ndi nthambi ya kafukufuku wa zaulimi n'kuvomerezedwa ndi Agricultural Technology Clearing Committee. Wogulitsa akayamba kuzungulira pa mafunso amenewa, bwezani ndalama m'thumba. Botolo limene pansi pake padikha matope osasungunuka mukaligwedeza ndiye kuti tizidutswa tagwirana kale. Madzi a pamjigo okhala ndi mchere wambiri amachititsanso zomwezo mu sipuleya ndipo nozo imatsekeka.

Pitani kwa mlangizi wa m'dera lanu msanga ngati masamba apsa kapena kupiringizika pakatha tsiku limodzi kapena awiri mutapopera. Tengani botololo ndi mbewu yozula ndi mizu yomwe, ndipo lekani kupopera. Mukaona nsomba kapena achule akufa m'ngalande, tsekani madzi otuluka n'kudziwitsa a zaulimi ndi a zachilengedwe ku boma. Mankhwala akalowa m'maso, tsukani ndi madzi oyera oyenda kwa mphindi 15 n'kuthamangira kuchipatala botolo lili m'manja. Amene wakhala zaka akugwira ntchito m'fumbi la mankhusu ndi phulusa ndipo ali ndi chifuwa chosatha kapena amabanika, akapimidwe, auzenso adokotala ntchito imene amagwira. Nthaka yanu kayezetseni ku masiteshoni a kafukufuku wa zaulimi a Chitedze ndi Bvumbwe kapena ku bungwe la kafukufuku wa fodya la ARET kuti mudziwe pH ndi zinki musanayambe kuthira makala ambiri, ndipo pa za mpunga funsani a ku siteshoni ya Lifuwu ku Salima.

Ngati kopaletivi ikufunadi kulowa m'nkhani ya nano, khomo lake ndi mgwirizano ndi ofufuza. Mwana wanuyo angakuthandizeni kulemba kalata ku dipatimenti ya chemistry kapena ya sayansi ya nthaka ku LUANAR, MUST, MUBAS kapena University of Malawi. Inu muli ndi zimene ophunzira ofufuza amazisowa: mankhusu a mtundu umodzi wa mpunga opezeka chaka chonse, ndi minda ya alimi enieni yoyeserapo. Musanapereke munda, gwirizanani polemba kuti akuuzeni chimene akupopera ndi kukula kwa tizidutswa take, kuti ayeze nthaka ndi madzi asanayambe ndi atamaliza, kuti mpunga wa pa timinda toyesera usadyedwe kapena kugulitsidwa usanayezedwe, ndi kuti ndani adzalipira mlimi zokolola zikatsika.